Chikomekome cha mkuyu chafika ku labotale

Makolo athu ponena kuti "chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere" ankachenjeza anyamata ofunsira mbeta poona nkhope yokha. Sankadziwa kuti akuwalembera silabasi akatswiri osunga mitengo yakale. Mtengo umene wagona zaka mazanamazana m'matope umatuluka wonenepa, wosalala, koma tizilombo tinadya kale mnofu wake ndipo chikuuchirikiza ndi madzi okha. Mukauyanika padzuwa umakwinyika, kung'aluka, kenako n'kuyoyoka. Nkhaniyi si ya kutali. Ku mathithi a Kalambo, pafupi ndi Mbala, gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Larry Barham linafukula mu 2019 mitengo iwiri, wina wosemedwa kuti ukhale bwino pa unzake, ndipo mu 2023 linalengeza kuti ili ndi zaka pafupifupi 476,000. Mlimi wa kwa Mwase Lundazi, amene chiswe chimamumalizira mizati ya nkhokwe asanaiwale n'komwe kumene anaidula, akachita nsanje sitingamudzudzule.

Mankhwala otchuka a nthendayi ndi polima yotchedwa PEG, phula losungunuka m'madzi limene limalowa pang'onopang'ono m'timabowo ta mtengo n'kukhala m'malo mwa madzi aja. Kunena kuti pang'onopang'ono n'kulilemekeza. Chombo cha Vasa, chimene chinamira ku Stockholm mu 1628 n'kuvuulidwa mu 1961, anachipopera PEG zaka 17. Mwana wobadwa tsiku limene anatsegula mpope anali akukonzekera mayeso a Giredi 12 pamene ankautseka. Komabe mwambi uja suopa madigiri, umaluma ndi sing'anga yemwe. Ku Norway, zosema za m'manda a Oseberg zitafukulidwa mu 1904, akatswiri a nthawiyo anaziphika m'madzi a mankhwala otchedwa alamu, n'kuzipaka mafuta ndi vanishi. Zinatuluka zonyezimira, alendo n'kumagoma nazo. Lero asidi wadya m'kati moti zina zikungogwirizidwa ndi chikhungu chakunja. Nacho chombo cha Vasa chinayamba kutuluka mawanga a asidi cha m'ma 2000, chifukwa cha salufa ndi chitsulo zimene zinatsalira m'matabwa. N'chifukwa chake ofufuza akuyesa mapolima atsopano, ena ochokera ku mitengo yomwe, ena ku zigoba za nkhanu. Nkhanu imene timaiseka kuti imayenda cham'mbali ndiyo yaitanidwa kudzawongola zimene anakhotetsa maprofesa.

Apa mfundo yake ndi yakuti mankhwala ofulumira ndi owala ndiwo oyenera kuwakayikira koyamba, ndipo ife kuno timawakonda kwambiri. Ng'oma yakale ya kubwalo la mfumu kapena mpando wa agogo zikayamba kutuluka kaufa m'timabowo, sipalephera kupezeka mphwake wa kutauni wobwera ndi chitini cha vanishi, kapena oilo wakuda wa galimoto. Chinthucho chimawala sabata imeneyo, koma tizilombo tija tangofoleredwa denga latsopano. Wina anganene kuti kwathu kulibe zombo zomira, ndipo mtondo ukabooka timangosema wina. Kwa mtondo wosinjira mphale zimenezo n'zoona, palibe amene akupempha boma kuti liugulire phula. Koma ng'oma imene yaimbidwa pa ufumu wa mibadwo ingapo ili ndi zipsera za kasemasema wa mmisiri amene anapita kalekale, ndipo yatsopano, ngakhale ilire mokoma bwanji, singatiuze mmene iye ankagwirira ntchito. Ndiponso mlombwa waukulu wosemera ina mukaupeza kuti masiku ano? Wina anganenenso kuti mapolima atsopanowa ndi mkuyu wina umene nyerere zake zidzaonekera kwa adzukulu. Mwina ndi choncho, ndipo alamu uja nayenso anali wamakono m'masiku ake. Kusiyana kwake n'kwakuti akatswiri a lero amayamba ayesa pa kachidutswa, kuunika m'kati ndi makina, ndi kufunsa ngati mankhwalawo angadzachotsedwe akadzapezeka olakwa. Wa chitini cha vanishi safunsa aliyense.

Choncho inu okumba zitsime ndi dothi la njerwa m'madambo a Lundazi, khasu likagunda mtengo wosemedwa pansi pamatope, musauike padzuwa kuti anthu auone bwino. Usiyeni wonyowa, ukulungeni m'pulasitiki, uzani amfumu, ndipo uthenga ufike ku National Heritage Conservation Commission.