Yangotsala Batire Basi

Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense walira ndipo wamvedwa. Alimi analira za feteleza, nyuzipepala zinalemba. Amayi analira za shuga ndi mafuta ophikira, wailesi zinaulutsa. Koma ife eni galimoto zokhala pamiyala kuseri kwa nyumba, amene masipeya ku Ndirande ndi ku Malangalanga amatikwerera mtengo tisanamalize n'kufunsa komwe, palibe wabwera kudzatipepesa. Anthu amati galimoto zathu zinafa. Sizinafe ayi. Funsani aliyense wa ife, kaya wa Corolla, kaya wa Datsun, kaya wa Peugeot 504 imene anasiya malemu amalume, yankho ndi limodzi: yangotsala batire basi. Matayala ali padenga kupsinja malata, nkhuku zinatsegula chipinda cha amayi oyembekezera pampando wakumbuyo, chisoso chamera pamene panali redieta, koma yangotsala batire basi. Ine ndine mkulu wa mpingo umenewu, ndipo lero ndikufuna kunena chinthu chimene chingandichotsetse paudindo: pa moyo wa galimoto yakale, munthu wofunika kuposa makaniko amene amaidzutsa ndi woyeza amene amaikana.

Matenda athuwa afika ndi ku Amereka, kungoti kumeneko anawapezera bwalo. Mu 2006, mkulu wina dzina lake Jay Lamm anayambitsa mpikisano wotchedwa 24 Hours of Lemons pa bwalo la Altamont ku California. Lamulo lake lalikulu n'lakuti galimoto isapose madola 500, kugula ndi kukonza komwe. Choncho zimene zimabwera pamenepo ndi abale ake enieni a Corolla yanga: ziphapha zofukulidwa m'magalaja ndi m'zigunda, zopentedwa mwamisala, zimene eni ake akhala akuuza akazi awo kwa zaka kuti zangotsala pang'ono. Oweruza amavala mikanjo ndi tsitsi loyera la kukhoti, ndipo akakukayikira kuti unawononga ndalama zoposa malire, amakudula ulendo umodzi wozungulira bwalo pa madola 10 aliwonse opitirira. Oweruza amenewa amalandira ziphuphu poyera, botolo la kachasu wachizungu kapena chakudya, kenako n'kudinda pagalimoto chizindikiro chakuti mwini wake wahonga. Wopambana amalipidwa mphotho yake m'makobidi a masenti asanu, katundu wofuna wilibala. Zonsezo ndi nthabwala, ndipo Mmalawi aliyense angamve kuti wafika kwawo.

Koma pali tebulo lachiwiri pamene nthabwala sizifika. Zinthu zoteteza moyo saziwerengera m'madola 500 aja, chimodzimodzinso mabuleki ndi matayala: pamenepo wononga mmene ungathere. Galimoto ya madola 500 imalowa m'bwalo itanyamula zotetezera za ndalama zoposa mtengo wake kangapo. Woyeza wa patebulo limeneli sasamala kuti injini ikulira bwanji. Iye amalowetsa mutu m'kati kukaona khola la mapaipi achitsulo limene limazinga dalaivala, ngati malo onse olumikizira anawotchereredwa kuzungulira paipi yonse, kuphatikizapo kumwamba kobisika kuja kumene wowotcherera waulesi amati palibe adzaone. Amafuna kuti chisoti cha dalaivala atakhala pampando chikhale pansi pa chitsulo cha pamwamba ndi masentimita pafupifupi asanu, kuti galimoto ikagudubuzika pansi pafike chitsulo, mutu usafike. Amagwedeza tayala lililonse kuti amve ngati mabering'i ali ndi mpata. Amasuzumira kunsi kufuna dontho la oilo kapena petulo. Amayesa switchi imene iyenera kuzimitsa injini ndi magetsi onse nthawi imodzi, amaona chozimitsira moto, amawerenga deti la malamba. Inde, malamba ali ndi deti ngati mkaka wa m'sitolo: ovomerezedwa ndi bungwe la FIA amatha ntchito pakapita zaka zisanu, ngakhale akuoneka atsopano. Ndipo amagwira batire n'kuikoka, chifukwa batire yosamangidwa ndi chitsulo imasanduka mwala wouluka wodzaza asidi. Apa pokha ndiye ndimanyadira. Pa mfundo zonse za woyezayo, galimoto yanga ingakhoze imodzi, pakuti batire imene kulibe singagwedere.

Wina anganene kuti oyeza amenewa amangokonda kuvutitsa anthu, monga amachitira aliyense amene wapatsidwa cholembera ndi fomu. Koma mzere uliwonse pa fomu yawo uli ndi manda ake. Pa 11 Juni 1955 ku Le Mans, m'dziko la France, Mercedes ya Pierre Levegh inauluka n'kugwera m'khamu la oonerera ndipo anthu oposa 80 anafa. Dziko la Switzerland linaletsa mipikisano ya m'mabwalo kwa zaka zoposa 60. Ku Imola mu 1994, Roland Ratzenberger anafa Loweruka, Ayrton Senna Lamulungu, ndipo galimoto ndi mabwalo a Formula One zinasinthidwa kwambiri. Mu Febuluwale 2001, Dale Earnhardt anafa pa ulendo womaliza wa Daytona 500 fupa la kunsi kwa chigaza litasweka. Chaka chomwecho bungwe la NASCAR, loyendetsa mpikisanowo, linalamula kuti dalaivala aliyense azivala chogwira mutu ndi khosi, chimene madalaivala ambiri ankachikana kuti chikuwapanikiza. Kuyambira pamenepo palibe dalaivala wafera pa mpikisano wa gulu lalikulu la NASCAR. Mu Novembala 2020 ku Bahrain, galimoto ya Romain Grosjean inaboola mpanda wachitsulo, inaduka pakati n'kuyaka. Anakhala m'moto pafupifupi theka la mphindi ndipo anatuluka yekha atangopsa manja. Chimene chinamuteteza mutu ndi chitsulo chotchedwa halo, chimene chinayamba mu 2018, chimene iye mwini ankachinyoza chisanamupulumutse. Anthu a mpikisano ali ndi khalidwe limene ife tilibe: munthu akafa amafunsa kuti chinathyoka n'chiyani, n'kulemba lamulo. Ife timati inali nthawi yake, timasonkha chipepeso, minibasi ija n'kuiwongola ndi hamala.

Ndikudziwa chimene anzanga a mumpingo akung'ung'udza: zimenezo n'za anthu olemera, ife ndalama ya batire yomwe ikutikanika. Abale anga, ndalama ndi yovuta, ine ndine mboni, koma taonani kumene imapita tikaipeza. Munthu akatola kangachepe amayambira wailesi ya masipika ogwedeza mtima, kenako magalasi akuda, kenako marimu onyezimira, kenako mawu a m'Baibulo kumbuyo. Mabuleki amadikira. Matayala amagula a kaunjika osayang'ana n'komwe manambala anayi a m'mbali, amene amanena sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa. 2314 ndiye kuti sabata la 23 la 2014, ndipo mphira wa msinkhu umenewo ndi wouma ngakhale mizere yake ikuoneka. Kuwerenga manambalawo n'kwaulere. Kumanga batire ndi kachitsulo ndi mabawuti awiri m'malo mwa chingwe cha mphira n'kotchipa kuposa sipika imodzi. Anzathu a madola 500 aja ndi amphawi mwadala, koma umphawi wawo anauika pa liwiro ndi pa maonekedwe. Ife tinauika pa mabuleki. Galimoto yawo ndi yonyansa ndipo imaima ikafuna kuima, pamene yathu yonyezimira ija imaima ikakumana ndi mtengo wa m'mbali mwa msewu.

Chodandaula chachiwiri n'chakuti ife sitichita mpikisano. Amene akufuna zimenezo apite ku Kyalami ku Johannesburg, ku Killarney ku Cape Town kapena ku Donnybrook ku Harare. Wonena zimenezi sanaonepo minibasi ziwiri zochoka ku Limbe zitaona munthu mmodzi ataima ndi chikwama kutsogolo. Koma tisiye zoseka, tikambe za madzi a mabuleki, chifukwa iwo sadziwa ngati ali pabwalo kapena pa M1. Madzi a mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano amawira pa madigiri osachepera 230. Vuto lake amayamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono, ndipo akakalamba angawire pa madigiri 155 okha. Akawira, m'mapaipi mumadzaza nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika: dalaivala amaponda, phazi limafika pansi, galimoto ikupitabe. N'chifukwa chake woyeza wa mpikisano amafuna madzi atsopano, ndipo opanga galimoto ambiri amati azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Tsono taganizirani minibasi yodzaza anthu, matumba a chimanga ndi usipa ikutsika ku Chiweta, ku Khwekhwelere kapena pa zitunda zopita ku Chikwawa, dalaivala atagona pa buleki m'malo motsitsa giya. Kutentha kumene kumafika m'mabuleki amenewo n'kwa mpikisano, ndipo madzi ake mwina ndi omwe anachoka nawo ku Japan, kudutsa Dar es Salaam ndi Songwe, osasinthidwa chifikireni. Ngozi ikachitika timamva kuti mabuleki anakana, ngati kuti anali ndi maganizo awoawo. Pa nkhani imeneyi galimoto yanga ilinso bwino: madzi ake anauma kalekale, ndiye sangawire.

Chachitatu ndicho chimene amachinena monyada: kodi si paja nafenso timayeza? Kodi COF, chipepala chotsimikiza kuti galimoto yayezedwa, si imene yamatidwa pagalasi lililonse? N'zoona, lamulo lilipo, ofesi ya Road Traffic ilipo, makina oyezera alipo, ndipo alipo oyeza oona mtima amene amabweza galimoto ndi kutukwanidwa chifukwa cha zimenezo. Koma aliponso madobadoba, ndipo dzina limenelo silinabwere ndi mphepo. Aliponso mwambo wobwereka matayala ndi magalasi a nyali kwa mnzako m'mawa wa tsiku loyezetsa, madzulo n'kubweza. Kusiyana kwathu ndi anthu a ku California aja kuli pano: iwo chiphuphu anachipatsa tebulo lakelake, la mtengo wa galimoto, pamene chingaphe ulemu wa munthu koma osati munthu. Patebulo la moyo palibe wopereka botolo, ndipo dalaivala sangafune n'komwe, chifukwa khosi limene lili m'khola lija ndi lake. Kuno amene amagula chipepala nthawi zambiri sakwera nawo. Amakhala kunyumba kudikira ndalama ya tsiku. Wokwera ndi mayi wopita kukagulitsa tomato ali ndi mwana kumsana, mwana wasukulu, mphunzitsi wokatenga malipiro. Dalaivala wa mpikisano anasaina yekha kuti akudziwa kuti angafe, ndipo amamuteteza ndi malamba a nsonga zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Mayi uja sanasaine kalikonse, ndipo wakhala pampando umene unawotchereredwa dzulo pambali pa msewu. Munthu amene amadinda chipepala cha minibasi imene sanaione, komanso amene amamulipira, ndi akupha. Kungoti amapha tsiku lina, pamalo ena, ndi dzanja la dalaivala. Bungwe la WHO linati mu 2023 anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, Africa ndiye ali patsogolo, ngakhale kuti galimoto tili nazo zochepa.

Latsala dandaulo limodzi limene sindingalinyoze. Oyeza athu atakhala ouma mtima ngati a mpikisano, minibasi zambiri zingabwere kudzalowa mumpingo wanga wa pamiyala, mitengo yokwerera ingakwere, ndipo anthu a ku Bangwe, ku Kawale ndi ku Chibavi angayende wapansi kapena kukwera kabaza, amene chisoti chake n'chimodzi ndipo chili pachiwongolero. Zimenezo n'zoona, ndipo mwini minibasi amene akulimbana ndi mtengo wa mafuta ndi masipeya ogulidwa m'madola si mfiti. Koma palibe akupempha kuti Hiace ikhale ndi khola la mapaipi kapena kuti kondakitala avale zovala zosapsa ndi moto. Phunziro la anthu a madola 500 ndi kusankha: utoto, chitseko cholira, galasi lomata ndi tepi, zimenezo zikhululukidwe mpaka kwacha idzachire; mabuleki, matayala, chiwongolero, nyali ndi mipando yomangidwa bwino, zimenezo pasakhale kukambirana. Panopa timachita chosemphana. Pamsewu amakulipiritsa chifukwa cha kachitsulo ka makona atatu kamene waiwala kunyumba, uku tayala lako likuonetsa waya. Ndipo ngati boma likufunadi kuti eni minibasi azigula mabuleki ndi matayala atsopano, liyang'anenso msonkho wa zinthu zimenezo, monga mmene anzathu aja anazichotsera m'madola 500.

Kwa ife a pamiyala, tivomereze kuti pakali pano ndife eni galimoto zotetezeka kwambiri m'dziko muno. Sizinagundepo munthu chikhalireni pamenepo, siziphulika tayala, sizidutsa liwiro la 50 m'tauni. Boma likanatipatsa mendulo. Choopsa chathu chidzabwera tsiku limene mmodzi wa ife adzapezedi batire ija, injini n'kutsokomola, ana n'kukuwa, iye n'kuthamangitsa nkhuku, kutsitsa matayala padenga, n'kuyamba kufunsa kuti ndani akudziwa dobadoba wotchipa. Amene mumakhala kumunsi kwa nyumba ya munthu wotereyu, ngati msewu wake ndi wotsetsereka, yambani kusuntha khola la mbuzi.