Boti la Asodzi Lopanda Khoka

Ine ndimagulitsa kapenta kuno ku Chaisa. Thumba ndimakapikula ku Soweto m'mamawa, ndikafika nalo pamsika ndimathira m'timbale, wa ku Siavonga mbali iyi, wa ku Mpulungu mbali iyo. Ana anga ndawalera ndi ndalama za nsomba, koma mwini wakene sindinakwerepo boti chibadwire. Kwathu ku Katete madzi amene tinkawadziwa ndi a pachitsime ndi a kudambo basi. Mwina n'chifukwa chake zimene ndinamva kwa alongo anga mwezi wathawu zandikhala mumtima mpaka lero.

Alongo angawo ndi amakanika. Amakonza mainjini a dizilo ku Siavonga, makamaka a marigi ophera kapenta. Anabwera m'tauni kudzasaka zitsulo za injini n'kugona kwathu masiku awiri. Tsiku loyamba titadya nsima, magetsi kulibe, tinakhala pakhonde kuzungulira mbaula, iwo n'kutulutsa foni. Akuti pali bwana wina wamalonda muno mu Lusaka amene akufuna boti loti aziyendera pa nyanja ya Kariba ndi banja lake pa tchuthi, ndiye wawapempha kuti amuthandize kusankha. Mtima wa bwanayo wagwera mtundu wina wa boti umene eni ake amautcha trawler.

Ndinayang'anitsitsa zithunzizo. Boti loyera, lonenepa, mphuno yotukuka, pakati pake kanyumba ka mawindo. Mkati muli bedi, khitchini, ngakhale bafa.

"Alongo, dzina limeneli limatanthauza chiyani?"

Anati ndi dzina la maboti a asodzi amene amakoka khoka lalikulu kumbuyo kwawo, ngati aja a Maldeco a ku Mangochi pa nyanja ya Malawi.

"Nanga khoka lake lili kuti?"

"Lilibe khoka, mlongo wanga. Anangotengako thupi lokha."

Apa m'pamene mutu wanga unayamba kuzungulira. Kuno kukomboni munthu akapeza bwino amavula ovolosi. Wokankha wilibala zikamuyendera amagula galimoto, ndipo sindinamvepo kuti wakasaka galimoto yooneka ngati wilibala. Nanga munthu amene ali ndi ndalama zogulira boti lililonse, akufuniranji looneka ngati la anthu ogwira ntchito usiku m'mphepo?

Alongo anati asodzi a kunyanja zamchere sankapanga boti poganizira maso a anthu. Ankafuna loti likawabweze amoyo. Ndiye thupi lake ndi lolemera, lolowa pansi m'madzi, losagwedezeka msanga ndi mafunde, lokhala ndi malo aakulu osungiramo mafuta kuti likhale masiku ambiri osaona doko. Anthu ofuna kuyenda maulendo aatali ataona zimenezi anayamba kupempha amisiri kuti awapangire thupi lomwelo, koma pamene pankakhala nsomba aikepo zipinda. Anandionetsa lina lotchedwa Grand Banks, mtundu umene unayamba kupangidwa ndi matabwa ku Hong Kong m'zaka za m'ma 1960. Dzinalo ndi la malo otchuka ophera nsomba kufupi ndi Newfoundland ku Canada, kumene nsomba za cod zinaphedwa mpaka kutsala pang'ono kutha, boma n'kuletsa usodzi wake mu 1992. Ndinafunsa ngati ogula botilo amadziwa zimenezi. Anati ena amadziwa. Ine mtima unandipweteka, chifukwa nawonso a ku Siavonga amandiuza chaka ndi chaka kuti marigi achuluka kuposa amene Zambia ndi Zimbabwe anagwirizana, ndipo thumba limene ndimapikula likukwera mtengo kosaleka.

Kenako ndinafunsa funso limene mwana aliyense angafunse. "Limathamanga bwanji?"

"Makilomita 13, 15 pa ola. Likalimbikira 16."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Mnyamata wonyamula matumba a malasha panjinga mumsewu wa Great North amatha kufika pamenepo. Ndinabwereza funsolo, yankho n'kukhala lomwelo.

"Ndiye kuti injini yake ndi yofooka?"

Anati ayi, nkhani ili pa madzi. Anatenga kamtengo n'kulemba pansi pafupi ndi mbaula kuti ndione. Boti lolemera silikwera pamwamba pa madzi, limawang'amba. Likamayenda limautsa funde kutsogolo ndi lina kumbuyo. Likawonjezera liwiro, mafunde awiriwo amatalikirana, mpaka limodzi lili kumphuno, lina kumchira, botilo lili m'chigwa chapakati. Kuti lipitirire pamenepo liyenera kukwera phiri la madzi limene ladzipangira lokha. Kwa boti la mamita 12, malire amenewo amafika likamayenda makilomita 15 kapena 16 pa ola. Ukaponda mafuta kuposa apo, injini imangolira, utsi n'kumatuluka, dizilo n'kumatha, liwiro osawonjezeka kwenikweni. Maboti othamanga aja ndi opepuka, pansi pake ndi pophwatalala, amadumpha funde lawo n'kumatsetsereka pamwamba. Koma kuti atero amamwa mafuta moopsa. Boti laulesili limatha kuyenda ola lathunthu ndi malita 10 kapena kucheperapo, pamene lothamanga la msinkhu womwewo lingamwe kuchulukitsa kangapo, mwina kakhumi.

Zimenezi ndinazimvetsa, chifukwa ndimadziwa mbaula. Ukaipepelera kwambiri malasha amatha msanga, nyemba zisanapse. Alongo anawonjeza kuti boti lina la mtundu umenewu, Nordhavn ya mamita 12, linazungulira dziko lonse lapansi mu 2001 ndi 2002, likuyenda mwapang'onopang'ono momwemo.

Koma kumvetsa kumodzi kunabala funso lina. Ife osauka ndife timawerenga malita. Bwana amene angagule boti, mafuta angamuvute? Alongo anati ngakhale wolemera safuna kutaya, komanso pa Kariba malo ogulira dizilo ndi otalikirana. Nyanjayo ndi yaitali makilomita oposa 220, ndipo ukachoka ku Siavonga kulowera ku Sinazongwe sukumana ndi pothirira mafuta paliponse ngati pamsewu. Kenako anati chimene bwanayo akufuna kwenikweni n'choti asafulumire. Akufuna kumwa tiyi boti likuyenda, tiyiyo osatayika, ana akugona, injini ikungong'ung'udza pansi.

Ndakhala ndikuliganizira yankho limeneli. Ine ndimadzuka 4 koloko kuti ndipeze minibasi yoyamba. Ndimathamanga ku Soweto kuti anzanga asanditsogolere pa thumba labwino, ndimathamanga pobwerera kuti makasitomala a m'mawa asapite kwina. Ndinkayesa kuti ndalama ntchito yake ndi kufupikitsa ulendo. Kodi pali pamene munthu amafika n'kuyamba kulipira kuti ulendo utalike? Amafika bwanji pamenepo, ndipo akafika, zimene ankathamangira zija amazisiyira yani?

Za injini tinadutsapo msanga, ngakhale alongo akanakonda kuchezera pomwepo usiku wonse. Pali maboti a injini imodzi ndi a ziwiri. Ndinati ziwiri ndiye bwino, imodzi ikafa ina ikufikitsa. Anavomera, koma anati ziwiri ndi kawiri zosefera, kawiri mafuta ofewetsera, kawiri zowonongeka, ndipo nthawi zambiri chimene chimazimitsa injini ya dizilo ndi mafuta akuda, amene angazimitse zonse ziwiri. Iwo chimene anauza bwanayo ndi ichi: asagule injini imene zitsulo zake sizipezeka mu Lusaka, chifukwa boti lidzakhala padoko miyezi likudikira kachitsulo kochokera kutsidya kwa nyanja.

Chimene chinandigwira mtima ndi chifukwa china chimene anapereka chosankhira injini imodzi. Boti la injini imodzi lili ndi msana wautali pansi pake, ndipo chopalasira chimabisala kuseri kwa msanawo. Pa Kariba zimenezi n'zofunika chifukwa cha mitengo.

"Mitengo pakati pa nyanja, alongo?"

Anati inde, mitengo yowuma ili chiimire m'madzi, ina ikuonekera nthambi, ina yabisala pansi pang'ono, yolimba ngati chitsulo. Boti lothamanga likaigunda, chopalasira chimathyoka. Ndinafunsa kuti inamera bwanji m'madzi. Ndinachita manyazi ndi yankho lake, chifukwa ndimagulitsa nsomba za m'nyanja imeneyi zaka zonsezi osaganizapo bwino. Mitengoyo sinamere m'madzi. Madzi ndi amene anaipeza. Khoma la Kariba, lotalika mamita 128, linatha kumangidwa mu 1959, ndipo madzi a Zambezi anakwera mpaka 1963, n'kumiza chigwa cha Gwembe. Atonga pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za mtsinje anasamutsidwa. Mu 1958 anthu a mfumu Chipepo atakana kuchoka, apolisi a boma la atsamunda anawombera n'kupha amuna 8. Ambiri mwa anthu a Chipepo anawatengera ku Lusitu, malo ouma amene basi ya ku Siavonga imadutsa lero. Ngakhale kapenta amene ndimagulitsayu ndi mlendo kumeneko: anamutenga ku nyanja ya Tanganyika n'kumuthira mu Kariba mu 1967.

Ndiye kuti boti la bwana lizikayenda pamwamba pa minda, pa mabwalo, pa manda a anthu. Sindikunena kuti bwanayo walakwa. Nanenso ndimadya za pamwamba pa manda omwewo, ndipo magetsi akabwera m'nyumba mwanga ena amachokera kukhoma lomwelo. Ndikungofunsa: munthu akamangirira boti lake ku mtengo woterewu madzulo kuti agone, amadziwa kuti mwina pansi pake panali mthunzi umene anthu ankaweruzirapo milandu? Pali amene amamuuza? M'mabuku osankhira boti amene alongo anali nawo pafoni munalembedwa kulemera kwake, kutalika kwake, malita a thanki. Za mitengo munalibe, poti analembera anthu a ku America.

M'pamene ndinafunsa ngati boti lopangidwira nyanja zamchere likuyenera Kariba n'komwe. Alongo anapukusa mutu pang'ono. Anati maboti ambiri ogonamo alendo ku Siavonga ndi nyumba zoyandama pa migolo yaitali yachitsulo, zotakata, zamthunzi wambiri, zosalowa kwambiri m'madzi, zotha kufika pagombe penipeni. Trawler imalowa pansi mita imodzi ndi theka kapena kuyandikira pamenepo. Chaka cha 2024, chilala chitakula mpaka a Pulezidenti Hakainde Hichilema kulengeza mu February kuti dziko lili pa ngozi, madzi a Kariba anatsika kwambiri. Ife kuno tinaziona ndi mdima wa maola 21 pa tsiku, iwo kumeneko anaona madoko akusanduka matope. Boti lozama pa nthawi yotere limakhala kutali ndi mtunda. Komabe, anati, mphepo ikauka pa Kariba mafunde amakhala aafupiafupi ndi aukali, ndipo pamenepo nyumba ya pa migolo imathawira kugombe pamene trawler imapitirira ulendo. Palinso kulibweretsa. Zambia alibe doko la kunyanja yamchere, ndiye boti lotere liyenera kutsikira ku Durban, ku Beira kapena ku Dar es Salaam, n'kukwezedwa pa lole yaitali, kenako kutsika nalo mapiri okhotakhota a msewu wa ku Chirundu.

Funso lotsatira ndinalifunsa motsitsa mawu, chifukwa ana anali asanagone. "Nanga chimbudzi chija ndachiona pachithunzi, zoipa zimapita kuti?"

Alongo sanaseke. Amadziwa kumene ndimakhala. Mvula ikagwa kuno ngalande zimadzaza, madzi amalowa m'nyumba, zimbudzi zokumba zimasefukira, ndipo timanyamula matiresi kuwaika pamwamba pa tebulo. Mu January 2024 bwalo la mpira la Heroes, limene timaliona tikaima pamsewu, linasanduka chipatala cha odwala kolera, monga linachitiranso mu 2018. Kwa ife funso la kumene zoipa zimapita ndi funso la moyo wa mwana. Anandiyankha kuti boti labwino limakhala ndi thanki yosungiramo zoipazo, yoti akaipope pamtunda, ndipo iwo anauza bwanayo kuti asagule lopanda thanki imeneyo, chifukwa anthu a m'mphepete mwa nyanja amatunga madzi omwewo. Ndinafunsa ngati padoko pali pokapopera. Anati imeneyo ndi nkhani imene ayenera kuikonza boti lisanafike. Pa zonse zimene anandiuza usiku umenewo, apa ndi pamene ndinawapempha kuti asagonje.

Ndisabise, chinthu chimodzi chimandidabwitsabe. Ife madzi akafika pakhomo timapemphera kuti aphwe. Makilomita 200 kuchokera pano, munthu akusonkhanitsa chuma kuti akagone pamwamba pa madzi, ndipo sangasambiremo n'komwe chifukwa cha ng'ona ndi mvuu. Ndinawafunsa alongo kuti kodi usiku anthuwo amaona chiyani. Anati amaona nyali za marigi. Dzuwa likalowa marigi amatuluka, aliyense ndi nyali yake yoitanira kapenta ku ukonde wozungulira umene amautsitsa pansi n'kuukweza ndi chopukusira. Kukakhala mdima wopanda mwezi nyanja imaoneka ngati tauni, ndipo alendo amatulutsa mafoni kujambula. Pansi pa nyali iliyonse pali anyamata amene sagona mpaka mbandakucha, ndipo ena mwa iwo ndi amene anapha kapenta ali m'timbale tangati.

M'mawa wa tsiku lachitatu ndinawaperekeza kokakwera basi, atanyamula zitsulo zawo m'thumba la saka. Ndinawafunsa kuti pomaliza amulangiza chiyani bwanayo. Anati amuuza kuti asanagule chilichonse abwereke kaye boti la ku Siavonga komweko, agonemo masiku atatu ndi banja lake m'mwezi wotentha wa October, aone ngati mayi a kunyumba ndi ana angapirire kutentha, udzudzu ndi kuyenda pang'onopang'ono. Akabwerako akufunabe, asakire la injini imodzi, la mthunzi wokwanira, la thanki ya zoipa, losazama kwambiri.

"Nanga likadzabwera, alongo, ine ndingakwereko? Ndikufuna ndikaone mitengo ija, ndi nyali zija usiku."

Anati adzamufunsa bwanayo. Ngati sizitheka, adzalankhula ndi anyamata a parigi ina imene amaikonza, mwina angandilole kuchezera nawo usiku umodzi.