Linux yonenepa ndi laputopu ya mtchona

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, ndipo makompyuta ambirimbiri anasanduka amasiye, poti Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4GB ndi kachipangizo kotchedwa TPM 2.0. Laputopu ya mtchona wanu uno sinalire nawo maliro amenewa. Iyo inakhala yamasiye kalekale, nthawi ya Windows 7. Anaigula kwa mnyamata wina mu Small Street pakati pa Joni, chivundikiro chake chimagwira ndi selotepi, ndipo magetsi akathima imathima nawo pompo chifukwa batire inafa.

Wina akanagula yatsopano. Koma marandi a mtchona amafika ali ndi eni ake kale: lendi ku Mayfair, fizi ya ana ku Mangochi, feteleza wa amayi. Choncho atamva kuti Linux ndi yaulere ndipo ina imadzutsa makompyuta okalamba, makutu anaima.

Anayamba wafunsira Lubuntu, mng'ono wake wa Ubuntu ija anayambitsa Mark Shuttleworth mu 2004, mwana wa ku Welkom konkuno ku South Africa. Lubuntu inatchuka ndi kupepuka. Kungoti mu 2018 eni ake anaiveka nkhope yatsopano, kuchoka pa LXDE kupita pa LXQt, ndipo mu 2019 anasiya kutulutsa ya makina a 32-bit. Laputopu ya mtchona ndi 32-bit yeniyeni. Munthu anafika pakhomo mwambo utatha zaka 6 zapitazo.

Ndiye mnyamata wokonza mafoni ku Fordsburg anamunong'oneza za Damn Small Linux.

Mbiri ya Linux imeneyi ndi yogwira mtima kwa aliyense woumira. Mkulu wina dzina lake John Andrews anaipanga kuti isapitirire 50MB, yokwana pa kaCD kofanana kukula ndi kakhadi ka m'chikwama, ndipo inkayenda ngakhale pa kompyuta ya 486 yokhala ndi RAM ya 16MB. Kenako inagona tulo zaka zambiri. Mu 2024 Andrews anaidzutsa moyesera, ataimanga pamwamba pa Linux ina yotchedwa antiX, n'kuikira malire atsopano: 700MB, kuti ikwanebe pa CD imodzi. Kuti zitheke anachotsamo zilankhulo zambiri ndi mabuku a malangizo, n'kusiya mapulogalamu osadya kwambiri monga Fluxbox ndi JWM.

Kuchoka pa 50 kufika pa 700 ndi kunenepa ka 14, koma dzina loti ndi yaing'ono sinalisiye. Apa mtchona anaona m'bale wake. Nayenso anatsika basi pa Park Station ali bango, kachikwama kamodzi m'manja. Lero lamba anamuboola mabowo owonjezera, koma akaimba foni kumudzi amati akuvutika.

Tsiku loika pulogalamuyi anavala magalasi, n'kuuza mayi a kunyumba kuti asamusokoneze, ali pa ntchito ya sayansi. Laputopu inayakadi, msangamsanga, mpaka mwini wake anadzidzimuka. Anaitana banja lonse lidzaone.

"Bambo a mwana, tatsegulani Facebook tione zithunzi za chinkhoswe chija," anatero mayiwo.

Mpamene sayansi inayamba kutuluka thukuta. Mu Linux imeneyi muli Dillo, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti imene imathamanga kwabasi, koma siwerenga JavaScript, pamene masamba ambiri a masiku ano popanda JavaScript amangotuluka mafupa okhaokha. Palinso Firefox, imene imatsegula zonse, koma imameza RAM yochepayo n'kupempha ina. Fani inalira, chithunzi cha mkwati chinatulukira mutu wokha, ndipo mayi a kunyumba anapita kukatereka madzi a nsima. Pobwera anapeza mapewa ayamba kuoneka.

Mtchona anafotokoza mwaulemu kuti Andrews wachita mbali yake, cholemera ndi intaneti: mavidiyo odziyambira okha, zotsatsa malonda, zithunzi zikuluzikulu. Zimenezi n'zoona ndithu, ndipo n'chifukwa chake opanga Linux yopepuka amakakamizika kuinenepetsa. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatulutsa foni m'thumba n'kutsegula zithunzi zonse za chinkhoswe asanamalize kukhala pansi.

Komabe makinawo si otayika. Kulemba kalata yofunsira ntchito amalemba, nyimbo amaimba, ndipo mndandanda wa ngongole za mtchona amausunga mokhulupirika mopitirira muyeso. Choncho anaganiza zowakweza basi ya Disembala akathandize mphwake amene ali Fomu 3. Anamuimbira n'kumufotokozera zonse, za 700MB, za antiX, ngakhale mtengo wotumizira katundu.

Mnyamatayo anakhala chete pang'ono.

"Malume," anatero, "bwanji mungonditumizira ndalama ya basiyo?"