Mfumu ya pa London Road

Anthu a ku Leicester amanyadira zinthu zolakwika. Ukawafunsa, akuuza za mafupa a mfumu Richard III omwe anafukulidwa pamalo oimika magalimoto mu 2012, kapena za timu yawo ya mpira yomwe inatenga ligi mu 2016. Chonsecho mfumu yeniyeni ya mzindawu ili moyo, ndipo ikulamula ili m'mwamba pa siteshoni ya sitima ya pa London Road. Ndikunena bolodi lamagetsi lolemba nthawi za sitima.

Talawirani m'mawa mudzaone ulemu womwe limalandira. Mukalowa pa zipata za njerwa zofiira zija, zomwe anajambula mapulani ake ndi Charles Trubshaw m'zaka za m'ma 1890, n'kudutsa pomwe matakisi amadikirira, mupeza khamu litaima chilili. Bambo wa suti wopita ku St Pancras, mayi wovala sari, mnyamata wa pa yunivesite ya De Montfort ndi chikwama chake kumsana, namwino wakwathu yemwe wachezera usiku wonse kuntchito, onse makosi ali m'mwamba, kukamwa kuli yasa. Ndi mlaliki uti anayamba wasonkhanitsa Mhindu, Msilamu ndi Mkhristu, n'kuwayang'anitsa kumodzi, osatulutsa ngakhale liwu?

Pa depoti ya Wenela pamafunika anyamata oitanira angapo, wina kukukoka chikwama, wina kusasa mawu, kuti minibasi imodzi idzaze. Bolodili limangophethira, nambala n'kutulukira, basi anthu onse piringupiringu kulowera ku mageti a matikiti. Mapulatifomu alipo anayi okha, komatu palibe wolimba mtima woti n'kudzisankhira yekha.

Chigamulo chake chilibe apilo. Likati sitima ya ku Birmingham yachedwa, munthu amangousa moyo, kukagula khofi wa mtengo wolira, n'kubweranso kudzaliyang'ana mwina lasintha maganizo. Limasinthadi nthawi zina, powonjezera mphindi zina zisanu.

Kusayamika kwa anthu kuli panja pa siteshoni, pomwe anaimika chiboliboli cha Thomas Cook. Mkuluyu, pa 5 Julayi 1841, ananyamula anthu pafupifupi 500 kuchokera pa siteshoni yakale ya Campbell Street, pamalo omwewa, kupita nawo ku Loughborough ku msonkhano wodana ndi mowa, aliyense atalipira shilingi imodzi. Loughborough, poteropo! Bolodi limatumiza anthu ku Nottingham, Sheffield mpaka ku bwalo la ndege la Stansted tsiku ndi tsiku, koma silinalandirepo ngakhale duwa. Kampani ya Cook inagwa mu 2019, bolodi likadayakabe.

Achinyamata amati foni inalilanda ufumu. Aonetsetseni bwino achinyamatawo. Amayang'ana pa foni, foni n'kuwauza pulatifomu, kenako iwo n'kukweza maso mwakabisira kufunsa kwa mwini wake ngati zili zoona.