Mitengo Imene Sinaonepo Nkhwangwa

Chaka chilichonse mvula ikagwa, akuluakulu amavala zipewa zadzuwa, kugwada pa dothi ndi kubzala kamtengo kamodzi atolankhani akujambula. Pofika mwezi wa Juni kamtengo kaja mbuzi zidadya kale. Phiri la Ndirande lidametedwa mpala ife tikuona, ndipo matumba a makala akutsikabe panjinga m'bandakucha uliwonse. N'chifukwa chake anthu amadandaula kuti m'Malawi muno mitengo yatha.

Ine ndikukana. Amene akunena zimenezo sadalowe mumsika wa Limbe kapena wa Tsoka ku Lilongwe. Mitengo iliko, yaitali, yonenepa, ndipo ikukula usana ndi usiku. Mtengo wa shuga, mtengo wa sopo, mtengo wa feteleza. Nkhalango imeneyi sidalowepo wootcha makala, ndipo n'zachisoni kuti palibe adaimirirapo kuti aiyamikire. Lero ndaimirira ine.

Onani kulimba kwake. Namondwe wa Freddy adazula mibawa ndi milambe mu Malichi 2023, koma mitengo yathuyi idangogwedeza nthambi n'kuwonjezera msinkhu. Chaka chotsatira ng'amba idapsereza chimanga mpaka boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Mbewu zonse zidafota kupatula iyi. Ikasowa mvula imakula, ikachuluka mvula imakulanso. Alangizi a zaulimi akadapeza chimanga cha khalidwe lotere, bwenzi tikugulitsa ufa mpaka ku Nairobi.

Ubwino wake woyamba ndi wakuti yatilemeretsa. Mu 1971, pamene kwacha inkalowa m'malo mwa paundi, K2 inali paundi imodzi, ndipo munthu wokhala ndi K100 ankayenda mothimbwidzika. Makolo athu adamwalira asadagwirepo K1,000 pamodzi, osauka iwo. Lero mnyamata wa kabaza amawerenga masauzande madzulo alionse, ndipo mlimi wofuna matumba khumi a feteleza amalankhula za miliyoni ngati akunena za mtedza. Ndi boma liti lidalonjezapo kuti mphunzitsi wa ku pulaimale adzagwira ndalama za mazana a masauzande mwezi uliwonse? Mitengo yachita zimenezo popanda msonkhano, popanda kugawa nsalu. Zoti ndalamazo zimatha pa 5 mwezi ukadali mwana ndi nkhani ina, ndipo oyambitsa nkhani imeneyo ndi anthu osayamika.

Yalemekezanso mafumu. Kale Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II, amene nkhope yawo ili pa K20, ndi Inkosi ya Makhosi Gomani II a pa K50, ankangokhalira kuyendayenda m'misika, kupindidwa m'mipango ya amayi, kununkha usipa. Zoyenera mfumu zimenezo? Tsopano akupuma. Mukawapereka kwa wogulitsa amawayang'ana mwaulemu n'kukubwezerani. Mayi Rose Chibambo a pa K200 nawonso ntchito yawachepera. Amangoperekeza anzawo akuluakulu. Katundu yense wagwera anthu awiri, John Chilembwe ndi Kamuzu Banda, amene aliyense akugwira maganyu awiri: Chilembwe pa K500 ndi pa K2,000 imene idabwera mu 2016, Kamuzu pa K1,000 ya mu 2012 ndi pa K5,000 ya mu 2022. Nanga tambala? Ana a masiku ano amamudziwa wa m'khola yekha. Wa m'thumba uja adalira komaliza kalekale, ndipo kudacha ndithu.

Za thanzi ndisachite kutaya nthawi. Madokotala akhala akutichonderera kuti tichepetse mafuta, shuga ndi nyama, ife osamva. Mitengo idangolankhula kamodzi. Mafuta ophikira tsopano timagula oyezera m'kapepala kosakwana chala, nyama timaiona pa ukwati, ndipo mandasi aphunzira kudzichepetsa: dzina lomwelo, mtengo wokwererako, thupi ngati la mwana wa nkhunda. Mulu wa tomato umene unali wa asanu uli ndi atatu, ndipo basela adaikidwa m'manda opanda mwambo.

Koma chimene ndimaigomera kwambiri nkhalango imeneyi ndi uphunzitsi. Funsani mayi wogulitsa bonongwe chifukwa chimene wakwezera, akuyankhani osaphethira: "Dola yakwera, bambo." Poyamba ndinkaseka. Bonongwe wodzimerera yekha kuseri kwa bafa adakumana nayo kuti dola? Tsiku lina ndidafunsadi, ndipo mayiyo adandiyang'ana ngati mwana wobwereza kalasi. "Inu achimwene, bonongweyu wabwera wapansi? Minibasi imamwa madzi? Nanga ine sopo ndimachapira bonongwe?" Ndidalipira mwakachetechete. M'mawu atatu adafotokoza zimene ena amakatengera digiri ku Zomba: dziko logula kunja mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala, koma lodalira fodya kuti lipeze ndalama zakunja, dola ikasowa aliyense amaimva, ngakhale amene sadaionepo ndi maso.

Ndipo sukuluyi ili ndi masiku ake a mayeso. Mu Meyi 2012, Bingu wa Mutharika atangomwalira, iye amene adakanitsitsa kuchepetsa mphamvu ya kwacha, dola idachoka pa K168 kufika pa K250. Mu Meyi 2022 kwacha idachepetsedwanso ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 tidagona dola ili cha pa K1,180, tidadzuka ili pa K1,700. Eni mashopu ena adatseka zitseko tsiku limenelo, osati chifukwa cha maliro, koma kuti asinthe mitengo ya katundu amene adagula kale pa dola yakale. Khama lotere mudaliona kuti? Ndipo chiyambire pamenepo dola ili ndi nkhope ziwiri ngati mkamwini waulemu: ina ya ku banki, yofatsa, yokhala pa K1,700 ndi kanthu koma yosapezeka, ina ya kuseri, yopezeka nthawi iliyonse pa mtengo wokwera kwambiri.

Tsono pali mlonda wa nkhalangoyi, Banki Yaikulu ya dziko lino, imene lamulo lidaipatsa ntchito yoonetsetsa kuti mitengo isapitirire msinkhu. Chida chake chachikulu ndi chiwongoladzanja chimene imabwereketsera ndalama ku mabanki ena. Nzeru yake ndi yomveka: chiwongoladzanja chikakwera, ngongole imawawa, anthu amabwereka pang'ono, ndalama zoyendayenda zimachepa, ogulitsa amasowa ogula n'kuleka kukweza. Mu Febuluwale 2024 chidafika pa 26 peresenti. Nkhwangwa yakuthwa ndithu. Koma mitengo yathu idaiona n'kumwetulira, chifukwa aliyense wodziwa za mitengo amadziwa kuti kusadzira nthambi kumaphukitsa zina.

Taganizani. Ofesi yoona za kalembera ku Zomba ikamawerengera kukwera kwa mitengo, gawo loposa theka la dengu lake ndi chakudya, ndipo mfumu ya dengulo ndi chimanga. Chimanga sichiwerenga zikalata za komiti ya Banki Yaikulu. Chimamvera mvula, feteleza ndi mavenda. Anthu ambiri amene akuyenera kuopa chiwongoladzanjacho sadalowepo m'banki kukabwereka. Ngongole yawo ili ku banki m'khonde ndi kwa a katapila, kumene 26 peresenti pa chaka angaiyese mphatso ya Khirisimasi. Wobwereka wamkulu m'dziko muno ndi boma lenilenilo, ndipo boma silichita mantha ndi chiwongoladzanja. Limabwereka, kenako limabwerekanso kuti libweze chiwongoladzanja cha ngongole yoyamba ija. Dzanja lamanja likudula, lamanzere likuthirira. Mtengo uti ungafe posamalidwa chotere?

Nthawi zina wailesi imalengeza kuti kukwera kwa mitengo kwatsika, tinene kuchoka pa 33 kufika pa 28 peresenti, ndipo agogo amatuma mdzukulu kukaona ngati shuga watsika. Mwana amabwerako ndi ndalama yosakwana. Agogo asakwiye ndi wailesi, sidaname. Chimene chatsika ndi liwiro chabe. Mtengo ukukulabe, kungoti tsopano ukukula mwaulemu.

Ena amati nkhalangoyi ilibe zipatso. Bodza. Zipatso zilipo, kungoti zili kunsonga, ndipo amadya ndi amene ali ndi makwerero. Ku Blantyre kuli msika wa masheya, umene kampani yoyamba kulembetsa inali NICO mu 1996, ndipo mpaka lero makampani ake sadakwane 20. Mu 2025, chaka chimene amayi ankagawana sopo mmodzi podula ndi mpeni, mitengo ya masheya pamsikawo idakwera kuposa katatu. Palibe matsenga. Mabanki akabwereketsa boma pa chiwongoladzanja chonona amapeza phindu lonona, ndipo munthu amene ali ndi ndalama zambiri sangazisiye zikusungunuka ngati mchere m'madzi. Amathamangira masheya, mapuloti ndi simenti. Masheya amagwanso, inde, ndipo akagwa eni ake amadwala mutu wa ching'alang'ala pa foni. Koma kugwa kuchokera kunsonga ndi mwayi wa amene adakwerako. Enafe tili pansi, tikutola masamba, ndipo mthunzi sitilipira.

Pa ndale, mitengo imeneyi ndi chitsanzo cha chilungamo. Ilibe chipani, ilibe chigawo. Idatumikira pansi pa Bakili Muluzi, pamene mu 1995 idakula ndi 83 peresenti, ndipo yatumikira pansi pa mtsogoleri aliyense chiyambire. Ilibe chiphaso chovotera koma sidajombepo pa chisankho. Mu Febuluwale 2025 idatulutsa mavenda a kaunjika m'misika ya ku Lilongwe mpaka ku Nyumba ya Malamulo, belo litakwera mosaneneka, ndipo pa chisankho cha pa 16 Sepitembala chaka chomwecho idaima pamzere pamodzi ndi ife kuyambira m'mawa. Andale onse amalumbira kuti akalowa adzaigwetsa. Iyo siisunga mangawa. Imawadikira alumbire kaye, n'kupitiriza ntchito.

Tisadzikuze kwambiri, poti abale athu amene makolo awo adatchona ku Harare ndi ku Bulawayo adaona nkhalango yeniyeni, pamene mu 2009 dziko la Zimbabwe lidasindikiza pepala limodzi la madola 100 thililiyoni. Yathuyi poyerekeza ndi imeneyo ndi nazale.

Chomaliza n'chapamtima, pakuti mitengo imeneyi idapulumutsa ubale wa m'banja mwathu. Mu 2021 mlamu wanga adabwereka kwa ine K50,000. Nthawi imeneyo ndalamayo ikadagula matumba a chimanga asanu ndi limodzi, tchenji n'kutsala. Zaka zinayi ankandizemba. Pa maliro amakhala mbali ina ya bwalo, ku tchalitchi amatuluka nyimbo yomaliza isanathe. Mlongo wanga adasowa mtendere. Kumayambiriro kwa 2025, thumba limodzi litayandikira K100,000, ndidangoona munthu akugogoda pakhomo, nkhope ili mwee, atanyamula mapepala khumi a Kamuzu. Adawawerenga kawiri pamaso panga, mokweza, kuti ana amve.

"Alamu, yakwana eti? Ine sindikonda kusunga za eni."

"Yakwana, alamu."

Tidagwirana chanza. Ndidatuma mwana kukagula shuga, buledi ndi mafuta pang'ono kuti mlendo amwe tiyi, ndipo mlamu wanga, poona kuti zotsala n'zochepa, adandibwereka ya minibasi.