Mvula ya ku Stockholm ndi Matope Ake

Makolo athu, amene sanaonepo kompyuta ngakhale kutulo, anatisiyira mawu akuti walira mvula walira matope. Ndipo ine, amene ndinakula ndikumva mwambiwu pakamwa pa agogo anga nthawi zonse tikadandaula ndi dzuwa la mu Okutobala, ndinkadziyesa katswiri wa tanthauzo lake, kufikira chaka chimene ana a mlongo wanga anandilonga ufumu wa mudzi umene sulembedwa m'kaundula wa boma.

Mudziwo uli m'masewera a Minecraft, amene Markus Persson anayamba kupanga ku Sweden m'chaka cha 2009, ndipo kampani yake ya Mojang, ya ku Stockholm, inagulidwa ndi Microsoft mu 2014 pa mtengo wa madola 2.5 biliyoni. M'masewerawa munthu amakumba, amalima, amaweta nkhosa ndi kumanga nyumba ndi mabuloko onga njerwa. Koma kuti anthu akhalire pamodzi m'dziko limodzi pafunika seva, ndiyo kompyuta yosagona usiku ndi usana, imene lendi yake imalipidwa mwezi ndi mwezi. Mwa mwambo wa Achewa, ufumu umachoka kwa malume kunka kwa mwana wa mlongo wake. Kwathu zinayenda chafutambuyo: adzukulu ndiwo anaveka malume chilemba, osati poona nzeru kapena imvi, koma poona kuti m'banja monse ndine ndinali ndi khadi la kubanki.

Tinakhala mwamtendere, ife ndi anzawo a anawo, mpaka Okutobala wa 2020, pamene a Mojang analengeza kuti akukonza mapanga aakulu ndi mapiri aatali, ntchito imene anaitcha Caves & Cliffs. Kuyambira tsiku limenelo mudzi wonse unasanduka alosi a mvula. Nyumba zimene dzulo lake ankazinyadira zinayamba kuwaipira, migodi yakale inasanduka mauna a mbewa, ndipo pamene a Mojang anaigawa ntchitoyo pawiri, nachedwetsa mapiriwo mpaka kumapeto kwa 2021, kulira kunakula ngati kwa achule oona mitambo yopanda madzi. Moni anatha. Mwana amene kale ankayamba ndi kufunsa za moyo wanga tsopano ankangoti, "Amalume, update ija liti?"

Inagwa mvulayo pa 30 Novembala 2021, dzina lake 1.18, ndipo lisanalowe dzuwa anthu anga anali atasonkhana pabwalo. Ndinawadandaulira mofatsa kuti seva yathu imayendera pulogalamu yotchedwa Paper, pamodzi ndi mapulagini, timapulogalamu toonjezera timene timalondera malire a minda ndi kutseka mabokosi a chuma, ndi kuti ambiri olemba zimenezi ndi anthu odzipereka, okhala ndi ntchito zawo ndi mabanja awo, amene sangasule khasu latsopano tsiku lomwelo mvula yagwa. Ndinawakumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anandiyankha kuti nkhono alibe seva. Pamenepo ndinamvetsa chisoni cha Mose m'chipululu, ngakhale kuti iye anali ndi mwayi woposa wanga, pakuti anthu ake ankalirira miphika imene anaisiya m'mbuyo, chinthu chodziwika kukoma kwake, pomwe anga ankalirira mphika umene sunaphikepo ndiwo.

Ndinagonja patapita masiku ochepa. Chinthu chimodzi chokha ndinachita mwanzeru, ndicho kukopera dziko lonse ndi kulisunga padera, popeza dziko likasamutsidwira ku mtundu watsopano silibwereranso ku wakale, monga ufa subwerera kukhala chimanga. Nditatero ndinayatsa seva. Sinayake. Inalavula mizere ya zilembo yonena kuti Java wanga, pulogalamu yoyendetsa sevayo, ndi wachikale, pakuti 1.18 imafuna Java 17, ndipo ine ndinali ndikali ndi Java 8, amene anatitumikira mokhulupirika zaka zonsezo popanda kupempha chilichonse. Ndinampumitsa ntchito pakati pa usiku, popanda mwambo wotsanzikana, foni ili kulira pambali panga ngati mwana wa njala.

Taonani tsono matope. Mapiri aja, amene anthu analirira chaka chathunthu, sanamere pakati pa mudzi, chifukwa masewerawa samanganso malo amene munthu anapondapo kale. Dziko latsopano limabadwa kokha kumene sikunafikeko phazi. Choncho olira aja atalowa anapeza khola lomwelo, nkhosa zomwezo, ndi chulu chomwe chija kuseri kwa nyumba yanga, ndipo anandifunsa mwaulemu wokayikitsa ngati ndalipiradi lendi. Nditawafotokozera, onse anabalalika nthawi imodzi, wina kum'mawa, wina kumadzulo, wina pa bwato. Seva, pokakamizidwa kulenga maiko anayi pa kamphindi kamodzi, inayamba kupuma mwabefu, nkhuku zinaima m'malere, ndipo munthu ankatema mtengo lero n'kuuona ukugwa mawa.

Mlandu waukulu unachokera pansi pa nthaka. Kale dziko linali ndi msinkhu wa mabuloko 256, ndipo pansi penipeni panali thanthwe losasweka lotchedwa bedrock. Mtundu watsopanowu unaonjezera mabuloko 64 kumwamba ndi ena 64 kunsi, ndipo thanthwe lakale lija, pansi pa midzi yakale, linasandulika mwala wamba woti piki n'kuuboola. Tinali naye mkulu wina, bambo wa mnzawo wa anawo, munthu wosakonda phokoso, amene sanalirepo mvula ngakhale tsiku limodzi. Iyeyu anamanga mosungira chuma chake pa thanthwe lomwelo, pokhulupirira kuti wamanga pa maziko osagwedezeka monga munthu wanzeru wa m'fanizo. Tsiku limenelo, pofuna kusalaza pansi pa chipinda chake, anakumba pang'ono, nakumbanso pang'ono, ndipo mwadzidzidzi anapezeka ali m'malere, akutsika m'phanga lalikulu ngati tchalitchi, kunsi kwake kukuwala chiphalaphala cha moto. Piki yake ya dayamondi, imene anaisamala miyezi isanu ndi itatu, inapsa pamodzi ndi mwini wake. Uthenga wake unali wa mawu ochepa: "A Mfumu, pansi paja mwapititsa kuti?"

Apa ndi pamene ndinaona chilema cha mwambi wa makolo, ndipo ndinena izi ndi ulemu wonse kwa iwo amene anagona. Kumudzi, wolira mvula ndi woponda matope ndi munthu mmodzi, mapazi ake omwewo. Pa seva ntchitozi zinagawidwa bwino lomwe, kotero kuti olira ndi ena, ogwa m'maenje ndi ena, ndipo wokolopa ndi malume. Usiku umene pulagini yolondera mabokosi inakana kudzuka, tirigu wa mudzi wonse anasowa m'nkhokwe, ndipo amene anabwera kudzadandaula mokweza koposa ndi yemwe uja anandiuza kuti nkhono alibe seva. Ndinaweruza mlanduwo masiku awiri. Wakuba sanapezeke, koma mdzukulu wanga wamng'ono anatsegula malo ogulitsira buledi sabata yomweyo.

Ndisanapume n'komwe, chakudza sichiyimba ng'oma: pa 10 Disembala kunamveka kuti m'kachipangizo kena ka Java, kotchedwa Log4j, mwapezeka chiboo choopsa, choti munthu wa mtima woipa akangolemba mawu ena pamalo ochezera m'masewera akhoza kulanda kompyuta yonse. A Mojang anatulutsa 1.18.1 tsiku lomwelo, ndipo ine, amene ndinali nditangochapa mapazi, ndinalowanso m'dambo. Pa mvula iyi yokha palibe analira; anthu anga anangodandaula kuti seva yazimitsidwa nthawi ya masewera.

Pofika Januwale mtendere unabwerera. Mapiri anapezeka, okongoladi, a chipale pamwamba pake. Mkulu uja ndinampepesa ndi piki yatsopano yochokera m'thumba la mfumu, ndipo anasamutsira chuma chake pamwamba pa mtengo. Ndinayamba kugona tulo ta munthu wosalakwa, kufikira madzulo ena pamene foni inalira, mdzukulu wanga wamkulu ali ndi chimwemwe chosasimbika, kundiuza za 1.19, imene inadzatuluka pa 7 Juni 2022. Ndinamufunsa, mtima uli m'mwamba, kuti kodi a ku Stockholm atikonzera chiyani ulendo uno.

"Achule, amalume," anatero mwanayo, "ndi madambo a mitengo ya m'madzi. Komanso aikamo buloko yatsopano, yoti mukathira madzi a m'botolo pa dothi imapangika yokha."

Ndinafunsa dzina la bulokoyo.

"Matope, amalume. Tisamuka liti?"