Sukulu yong'ambitsa mabuku

Sukulu ya Welton Academy kulibe. Mutayendayenda m'boma lonse la Vermont ku America simungaipeze. Anaipeka ndi Tom Schulman polemba filimu ya Dead Poets Society ya mu 1989, ndipo nyumba zokongola zimene timaonazo ndi za St. Andrew's School ku Delaware. Koma sukulu yopekayi yamukwiyitsa zenizeni mlembi wa danga lino.

Nkhani yake ikuchitika mu 1959, pa sukulu yogonera konko ya anyamata okhaokha, ana a mpondamatiki. Kukubwera mphunzitsi watsopano wa Chingelezi, a John Keating, omwe akuseweredwa ndi Robin Williams, ndipo asanakhalitse n'komwe akulamula kalasi yonse kuti ing'ambe masamba oyambirira a buku la ndakatulo. Ena amasangalala akafika pamenepa. Mlembi wathuyu anaimitsa filimu n'kuyamba kuwerengetsa mtengo. Iye buku analidziwa lili limodzi pa benchi yonse, lokutidwa ndi pepala la simenti, ndipo wong'amba tsamba ankakumba dzenje la zinyalala anzake akudya.

Kenaka anyamatawo akuthawa usiku kupita kuphanga. Kukatani? Kukawerenga ndakatulo. M'masiku a mkuluyu, wothawa usiku ankabwerako ndi chinangwa.

Zinafika poipa pamene mmodzi wa anyamatawo, Charlie Dalton, analiza foni pa asembule, n'kunena kuti ndi Mulungu akufuna sukuluyo iyambe kulandira atsikana. Ahedi, a Nolan, atamuthira chikoti, mlembi wanu anangomveka kuti "eya, wonjezerani." Ana ake, omwe ankaonera naye filimuyo, anamuyang'ana. Bambo a mnyamata wina, Neil Perry, atakalipira mwana wawo kuti asiye zisudzo, akhale dokotala, anawo anamuyang'ananso, poti mawu amenewo amamveka m'nyumbamo teremu iliyonse. Zimene zinamuchitikira Neil sizoseketsa, ndipo pabalaza panakhala zii.

Ndiye pamapeto, a Keating atachotsedwa ntchito, anyamata ena akukwera pamadesiki, nsapato zili kuphazi, kutsanzikana ndi mphunzitsi wawo. Mkuluyu, pofuna kuonetsa ana kuti sali mbali ya a Nolan, naye anakwera pa katebulo ka pabalaza, misozi ili lengelenge.

Mayi a kunyumba anangosuzumira kuchokera kukhitchini. "Bambo a ana, tsikanipo msanga. Tebulo limenelo kalipentala sitinamalize kumulipira."